Nyama ya Ng'ombe ya Msuzi Wokoma Popanda Mchere Wambiri

Mukatuluka mumgodi mutatopa, palibe chimene chimakhazika mtima pansi ngati nsima yotentha ndi nyama ya ng'ombe ya msuzi wokhathamira. Kaya mumagwira ntchito m'migodi ya golide ya ku Odzi, ku Penhalonga kapena m'minda ya diamondi ku Chiadzwa, ndiwo imeneyi imakukumbutsani kumudzi. Koma kodi mukudziwa kuchuluka kwa mchere umene umalowa mumphika wanu?

Vuto la mchere

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asamadye mchere wopitirira magalamu 5 patsiku. Imeneyi ndi supuni yaing'ono ya tiyi imodzi yosadzadza, kuphatikiza mchere wonse wa m'zakudya za tsikulo. Anthu ambiri amadya kuposa kawiri mlingo umenewu.

Mumchere muli sodiyamu. Ikachuluka, thupi limasunga madzi ambiri, ndipo magazi amayamba kuthamanga kwambiri. Matenda a BP nthawi zambiri sapweteka. Munthu amagwirabe ntchito bwinobwino kwinaku mtima, impso ndi mitsempha ya mu ubongo zikuwonongeka, mpaka tsiku lina kugwa ndi sitiroko. Bambo akafa ziwalo, ntchito yatha, ndipo ndalama zotumiza kumudzi zathanso.

Mchere wambiri umabisala m'makyubu, mu ufa wa supu wa m'mapaketi, mu poloni, masoseji, nyama ya m'chitini ndi kapenta wothira mchere. Ngakhale soda wophikira therere alinso ndi sodiyamu.

Zofunika pa ndiwo ya anthu anayi kapena asanu

Theka la kilo la nyama ya ng'ombe, makamaka yokhala ndi fupa
Anyezi awiri akuluakulu
Matimati anayi akupsa bwino
Adyo ndi ginja wosinja
Supuni yaikulu imodzi ya fulawa
Supuni ziwiri za mafuta ophikira
Makaroti awiri, tsabola ndi ndimu
Theka la supuni yaing'ono ya mchere wokhala ndi ayodini

Zamasamba zonsezi zimapezeka pamsika wa ku Odzi kapena ku Sakubva mumzinda wa Mutare.

Kaphikidwe

1. Chotsani mafuta owonjeza pa nyama ndipo muiduledule. Tenthetsani mafuta, kenaka kazingani nyamayo pang'onopang'ono, osadzadza mphika, mpaka ifiire mbali zonse. Musathire mchere.

2. Chotsani nyama, ikani anyezi. Apa ndiye pagona kukoma konse, choncho musafulumire. Kazingani pamoto wochepa mpaka anyezi afewe ndi kufiira. Thirani adyo ndi ginja.

3. Wazani fulawa n'kutakasa mpaka afiire. Ndiye amene adzakhathamiritse msuzi m'malo mwa supu wa m'paketi.

4. Thirani matimati. Akapsa, thirani makapu atatu a madzi otentha uku mukupala zomatirira pansi pa mphika. Zimenezo musataye, ndizo zimakometsa msuzi.

5. Bwezerani nyama, vundikirani, ndipo iphikeni pamoto wochepa kwa ola limodzi ndi theka kapena maola awiri. Ikatsala pang'ono kupsa, ikani makaroti ndi tsabola.

6. Mukamaphula, thirani mchere uja ndi kufinyiramo ndimu. Lawani musanawonjezere kanthu.

Mukaphika chonchi, aliyense amadya mchere wosafika galamu imodzi. Idyani ndi nsima ndi masamba monga repu kapena nkhwani zophika popanda soda.

Masiku oyamba mwina mudzaona ngati ndiwoyo ndi yozizira. Musagwe mphwayi. Pakapita masabata angapo lilime limazolowera. Amayi, chotsani kambale ka mchere pamene mukudyera, kuti ana akule osazolowera kuwonjezera.

Nanga thukuta la mumgodi?

N'zoona kuti thukuta limatulutsa mchere, koma chimene thupi limataya kwambiri ndi madzi. Imwani madzi pafupipafupi pa shifiti yonse, osadikira ludzu. Ngati mumagwira ntchito pamalo otentha kwambiri ndipo mumamva kukokana kwa minofu kapena chizungulire, kambiranani ndi anamwino musanayambe kuwonjezera mchere. Wotsegula m'mimba apitirize kumwa madzi a shuga ndi mchere monga mwa malangizo a kuchipatala.

Kumbukirani

Kayezetseni BP kuchipatala chapafupi kamodzi pachaka, ngakhale mukudzimva kuti muli bwino. Ikamafika pa 140/90 kapena kupitirira, mukufunika chithandizo. Ngati mukumwa kale mankhwala a BP, musaleke chifukwa choti mwachepetsa mchere. Odwala impso asagwiritse ntchito mchere wa potaziyamu asanafunse adokotala.

Onetsani pepalali kwa amene mumaphika naye limodzi, ndipo yesani kaphikidwe kameneka pa malipiro akubwerawa.