Chithunzi Chimapepuka Bwanji?

Lero tikambirana za zithunzi zimene timajambula ndi foni.

Chithunzi chotere nchopangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono, monga mikanda yolukidwa pamodzi. Kadontho kalikonse kamalembedwa ndi manambala atatu osonyeza kuchuluka kwa mtundu wofiira, wobiriwira ndi wabuluu, kuyambira pa 0 kulekeza pa 255. Motero chithunzi cha timadontho 12 miliyoni chimafuna manambala 36 miliyoni, katundu wodzaza foni ndiponso wokwera mtengo pomutumiza.

M'chaka cha 1992 akatswiri adakhazikitsa njira yopeputsira katunduyu, yotchedwa JPEG. Maziko ake ndi akuti diso la munthu limazindikira msanga kuwala ndi mdima, koma silisiyanitsa kwenikweni mitundu yofananako. Tsono makina amagawa chithunzi m'timagawo ta timadontho 8 m'litali ndi 8 m'lifupi, nataya zimene diso silingazione, monga mayi amapetera mphale kuchotsa gaga. Pakutero chithunzi chimatha kupepuka kakhumi.

Koma dziwani kuti chimene chatayidwa sichibwerera. Mukachikonza chithunzicho nkuchisunganso, kapena chikadutsa pa WhatsApp, chimatayanso zina, mpaka nkhope ndi zilembo zimayamba kuzimiririka. Njira ina, ya PNG, imene idabwera mu 1996, sitaya kanthu, koma chithunzi chake chimakhala cholemera.

Choncho chikakhala chithunzi cha agogo kapena cha setifiketi yanu, sungani choyambirira. Abale muziwatumizira chopepukacho.