NSANGALABWI NDI UFA WAKE

Abambo ndi amayi, tonse timaudziwa mwala wa nsangalabwi. Polima m'minda ya kumapiri a ku Zóbuè, khasu likaugunda limathetheka moto. Ana amaseweretsa timiyala take. Ambiri timangoutaya kumalire a munda. Lero tiyeni tiuphunzire bwino, chifukwa mwala umenewu uli ndi ntchito zambiri, komanso fumbi lake lapha anthu ambiri.

Kodi nsangalabwi n'chiyani?

Pa Chipwitikizi mwalawu amautchula kuti quartzo. Unapangika ndi zinthu ziwiri: silikoni ndi okosijeni. Okosijeni ndi mpweya womwe uja timapuma. Kawirikawiri nsangalabwi ndi yoyera ngati mkaka, koma ina imaonekera ngati madzi, ina ndi yofiirira.

Nsangalabwi ndi yolimba kwambiri. Akatswiri a miyala ali ndi muyeso wa kulimba woyambira pa 1 kulekeza pa 10. Daimondi ali pa 10, nsangalabwi ili pa 7. Yesani nokha: tengani nsangalabwi, mukande nayo botolo. Botolo lidzakandika. Kenaka kandani mwalawo ndi mpeni. Mwala sudzakandika ayi.

Nsangalabwi sisungunuka m'madzi, siichita dzimbiri, ndipo siipsa. Madzi amawira pa madigiri 100, koma kuti nsangalabwi isungunuke pafunika moto wa madigiri pafupifupi 1700. Mvula ndi dzuwa zikafumbutsa thanthwe, zina zonse zimasanduka dothi, koma nsangalabwi imatsala. N'chifukwa chake mchenga wambiri wa mu mtsinje wa Revúbuè ndi wa mu Zambezi ndi timibulu ta nsangalabwi.

Ufa wake amaukonza bwanji?

Amayi amadziwa kukonza ufa wa chimanga: kusankha, kukonola, kutsuka, kugaya ndi kusefa. Ntchito ya kufakitale ikufanana ndi imeneyi. Poyamba antchito amasankha miyala yoyera bwino. Amaitsuka kuti dothi lichoke. Makina a nsagwada zachitsulo amaiphwanya kuti ikhale ting'onoting'ono. Kenaka chigayo chimaipera. Ufawo umapita pa maginito, ndipo maginito amakoka tizitsulo tonse. Akapanda kutero, galasi lopangidwa ndi ufawo limatuluka lobiriwira. Pomaliza amausefa. Wokhakhala umapita pa ntchito ina, wosalala pa ntchito inanso.

Ntchito zake

Ntchito yaikulu ndi kupanga galasi. Amasakaniza mchenga kapena ufa wa nsangalabwi ndi soda ndi laimu, nazisungunula m'ng'anjo. Pa makilo 100 a galasi la mabotolo, makilo pafupifupi 70 amachokera ku nsangalabwi.

Opanga mbale zadothi ndi makapu amathira ufawu m'dongo lawo. Agogo athu oumba mbiya ankadziwa kale nzeru yotere: dongo lonona kwambiri amalisakaniza ndi kamchenga kuti mphika usang'ambike pouma ndi pootcha.

Osula zitsulo m'mafakitale amaumba zikombole za mchenga, nathiramo chitsulo chosungunuka. Chikombole sichisungunuka, pakuti nsangalabwi imapirira moto. Ufawu umalowanso mu penti ndi m'zomangira nyumba, ndipo mchenga wake umasefa madzi akumwa m'mizinda.

Akaphika nsangalabwi pamodzi ndi makala m'ng'anjo yamagetsi, okosijeni amachoka, silikoni natsala. Silikoni ndiye ali mu sola imene ili padenga, ndiponso m'kati mwa foni ndi wailesi.

Fumbi lake ndi mdani

Tsopano mvetsetsani. Mwala wathunthu suvulaza chifuwa. Mchenga wa kumtsinje suvulazanso. Choopsa ndi fumbi losalala kwambiri limene limabuka pophwanya, poboola kapena popera mwala wouma. Tina mwa tifumbi timeneti sitioneka ndi maso. Munthu akatipuma, timakafika pansi penipeni pa mapapo. Taona kale kuti nsangalabwi sisungunuka. Choncho tifumbito timakhala momwemo, mapapo nachita zipsera ndi kuuma. Matendawa dzina lake ndi silikosi.

Silikosi imabwera mwakachetechete. Munthu angagwire ntchito zaka 10 kapena 20 osamva kanthu. Pambuyo pake amayamba kutsokomola, kuonda ndi kupuma mobanika pokwera kachitunda. Mankhwala ochiritsa silikosi palibe. Ndiponso wodwala silikosi sachedwa kugwidwa ndi chifuwa chachikulu.

Makolo athu ambiri a kuno ku Mozambique ndi ku Malawi anapita ku Joni ndi Wenela. Golide wa ku Johannesburg ali m'thanthwe lodzaza nsangalabwi. Anaboola thanthwelo zaka zambiri, ena nabwerera kumudzi ndi sutikesi, njinga ndi chifuwa. M'chaka cha 2019 bwalo lalikulu la milandu ku Johannesburg linavomereza pangano lakuti makampani 6 a golide apereke marandi 5 biliyoni kwa odwala silikosi ndi chifuwa chachikulu, ndi kwa mabanja a amene anafa. Bungwe la Tshiamiso Trust linakhazikitsidwa kuti ligawe ndalamazo.

Nkhaniyi si ya ku Joni kokha. Ku Moatize malasha agona pakati pa miyala ya mchenga, ndipo miyala imeneyi ili ndi nsangalabwi. Woboola ndi wophulitsa thanthwe amakumana ndi fumbi lomweli. Amayi ophwanya miyala ndi nyundo m'mbali mwa msewu wochokera ku Zóbuè kupita ku Tete nawonso amalipuma, pena mwana ali kumbuyo.

Tidziteteze bwanji?

Chida choyamba ndi madzi. Nyowetsani mwala musanauphwanye. Fumbi lonyowa siliuluka. Wazani madzi musanasese pamalo pa ntchito. Khalani kumene mphepo ikuchokera, kuti fumbi lizipita kutali ndi inu. Ana akhale patali. Kansalu kapamphuno sikakwanira, chifukwa fumbi losalala limapyola. Kumgodi ndi kufakitale valani chophimba mphuno chenicheni, ndipo chikatha pemphani china. Sambani ndi kusintha zovala musanalowe m'nyumba. Mukatsokomola milungu iwiri, pitani kuchipatala, ndipo mukawauze adokotala ntchito imene mumagwira kapena munkagwira.

Mafunso okambirana

1. Tingadziwe bwanji kuti mwala uwu ndi nsangalabwi?
2. Tchulani zinthu zitatu za pakhomo panu zochokera ku nsangalabwi.
3. Chifukwa chiyani fumbi lake silichoka m'mapapo?
4. Kodi m'mudzi mwanu alipo amene anapita ku Joni? Afunseni za fumbi la pansi pa mgodi.

Lembani m'kope mwanu: Madzi amagonetsa fumbi.