Makina ochapira nawonso ndi chigubu cha thobwa

Dandaulo lake ndi limodzimodzi, kaya ndi ku Area 47 ku Lilongwe, m'nyumba za mabwana ku Johannesburg kumene abale athu ambiri amagwira ntchito, kapena m'makhitchini a ku Britain kumene makina ochapira amakhala pansi pa thebulo lophikira. Makina aja a chitseko chagalasi chakutsogolo akuchapa bwinobwino, chaka sichinathe chigulireni, koma ukatsegula chitseko fungo la chinyezi ndi chuku limakuwomba m'mphuno. Thawulo latuluka loyera, lauma padzuwa, koma kungodzipukutira kamodzi fungo lija labwerera. Mwini nyumba amakayikira wantchito, wantchito amakayikira sopo, ndipo pamapeto onse awiri amagwirizana zowonjezera sopo ndi zonunkhiritsa. Apo ndiye amakhala awonjezera vuto.

Amene anasungapo thobwa m'chigubu sangavutike kumvetsa zimene zikuchitika. Thobwa likatha, m'makoma a chigubu mumatsala timasese ta chimera. Ukangotsukuluza ndi madzi ozizira n'kumanga chivindikiro, katsegule mkucha umve. Mkati mwayamba kuterera, m'mizere ya chivindikiro mwada bii, ndipo thobwa latsopano ukathiramo limasasa dzuwa lisanapendeke, chifukwa lapeza tizilombo takale tikulidikira. Amayi ogulitsa thobwa pamsika amadziwa mankhwala ake: madzi otentha, timiyala tokhutchumula nato mkatimo, kenako chigubu achizondotse pathandala, chivindikiro chili padera.

Makina otsegulira kutsogolo ndi chigubu chotero, koma cha chivindikiro chothina kwambiri. Mgolo wake unagona chammbali, kotero madzi akanamatulukira pakhomo pakanapanda labala wokhuthala, wopindikapindika, amene anazungulira khomolo. Labala woletsa madzi kutuluka ndi yemweyo amaletsa mpweya kulowa. Makina otsegulira pamwamba vutoli sakhala nalo kwenikweni, poti chivindikiro chawo chimangosanjikika, mpweya umadutsa m'mbali ndipo mkati mumauma mokha.

Gwadani pansi, mupisemo zala m'munsi mwa labalayo n'kumufunyulula. Mupezamo kadziwe ka madzi otuwa, tsitsi lopotana ndi ulusi wa zovala, ndalama yachitsulo yochita dzimbiri, mwina kasokosi ka mwana kamene munakasaka nyumba yonse. Mupezanso timadontho takuda tomamatira, ndipo ndicho chuku. Pansi penipeni pa mpindirowo pamakhala timabowo tobwezera madzi mumgolo, ndipo nthawi zambiri timapezeka titatsekeka ndi phala la sopo. Izi n'zimene maso akuona. Mgolo wachitsulo wobowokabowoka umene mumaikamo zovala uli mkati mwa mgolo wina, kawirikawiri wapulasitiki, umene simudzauona pokhapokha mmisiri ataphwasula makinawo. Pakati pa migolo iwiriyi ndi pamene zoterera zimaunjikana, ndipo pansi pake, cha ku pampu, pamatsala madzi pang'ono nthawi zonse ngakhale makina atamaliza kukamula.

Chinyezi pachokha sichinunkha, tizilombo timafunanso chakudya. Chakudyacho timawapatsa tokha. Thukuta, litsiro la m'thupi ndi mafuta odzola amene timapaka mowolowa manja m'miyezi ya June ndi July, zonsezi zimachoka pa zovala koma sizituluka zonse ndi madzi. Chachikulu n'sopo. Ambirife tinakula tikuchapira m'beseni, kumene thovu ndiye umboni woti sopo wakwana, ndipo dzanja limene linazolowera beseni limathira sopo yemweyo m'makina. Koma makinawa amachapa ndi madzi ochepa, malita 50 kapena kuposerapo pang'ono pa ulendo wonse, pamene makina akale otsegulira pamwamba ankamwa malita oposa 100. Sopo wochuluka m'madzi ochepa satsukuluzika, amangomatirira kuseri kwa mgolo. N'chifukwa chake m'masitolo sopo waufa amakhala wamitundu iwiri, wochapira pamanja ndi wa m'makina wolembedwa Auto, amene anapangidwa dala kuti asachite thovu lambiri. Mukaona thovu ladzaza galasi lonse la chitseko musasangalale. Zofewetsa zovala ndiye zoipa koposa, chifukwa ntchito yake ndi kusiya kamafuta pa nsalu, ndipo kamafuta komweko kamatsalanso m'kadilowa ka sopo ndi m'mapaipi. Ine ndimaona kuti nyumba zambiri zingachite bwino kuthira theka la zimene zimathira, ndipo zofewetsazo pa matawulo osathira n'komwe.

Za thawulo lonunkha likanyowa zili ndi chifukwa chodziwika. Mu 2012 akatswiri a kampani ya Kao ya ku Japan anasonyeza kuti mabakiteriya otchedwa Moraxella osloensis ndi amene makamaka amatulutsa fungo la zovala zochapa zosauma bwino. Mabakiteriyawa amapirira kuuma, choncho amakhalabe mu ulusi wa thawulo, ndipo chinyezi chikangobwera fungo limadzukanso. Madzi a madigiri 30 kapena ozizira, amene timakonda posunga mayunitsi a magetsi, sawapha ndipo sasungunula bwino mafuta. Pali kanthu kenanso kamene ambiri sadziwa: sopo waufa wochapira zoyera nthawi zambiri amakhala ndi mankhwala oyeretsa a okosijeni amene amapha tizilombo madzi akatentha, pamene sopo wamadzi alibe. Nyumba imene imachapa ndi sopo wamadzi, m'madzi ozizira, chaka chonse, n'kumatseka chitseko, ikuchita ndendende zimene wogulitsa thobwa sangayerekeze kuchita ndi chigubu chake.

Musaganize kuti ndi umve wa kwanu kokha. Ku America, kumene makina otsegulira kutsogolo anayamba kufala kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, anthu ambirimbiri anasumira makampani opanga makinawa pa nkhani ya chuku yomweyi. Mlandu wodziwika kwambiri unali wa makina a Duet a kampani ya Whirlpool. Mu 2014 khoti la ku Cleveland, m'chigawo cha Ohio, linagamula mokomera kampaniyo, koma mu 2016 milandu yotsala ya kampaniyi inathera pa mgwirizano wolipira eni makina kenakake. Lero makina ambiri amabwera ndi pulogalamu yotsukira mgolo, yolembedwa Drum Clean kapena Tub Clean, ndipo ena ali ndi kamaginito kogwira chitseko kuti chikhale chotseguka pang'ono. Opanga anavomereza mwa zochita zawo kuti makina ochapira sadzichapa okha.

Chinthu chimene chimathandiza kuposa zonse sichilira ndalama. Mukamaliza kuchapa siyani chitseko chotseguka, ngakhale mpata wa zala zinayi, ndipo kadilowa ka sopo mukakokere kunja. Tengani kansanza kouma mupukute mkati mwa mpindiro wa labala, ntchito ya mphindi imodzi. Ena safuna chitseko chotseguka ati nyumba sioneka bwino, ndiye asankhe pakati pa maso ndi mphuno. Chodetsa nkhawa chenicheni ndi ana aang'ono ndi amphaka, amene amakonda kulowa mumgolo, choncho tsekani chitseko cha chipinda chimene muli makinawo ndipo muzisuzumira mkati musanaike zovala. Zovala zikachapidwa zisagonemo. Magetsi akazima makina ali pakati pa ntchito, zovala n'kukhala m'madzi maola ambiri, akayaka musangopitiriza pamene anaimira, yambitsani kuchapa kwatsopano kapena mutsukuluzenso. Ndipo mgolo si dengu losungiramo zovala zakuda podikira Loweruka.

Kamodzi pamwezi makinawo azungulire opanda zovala, pa madigiri 60 kapena 90, muli sopo waufa pang'ono kapena mankhwala otsukira makina. Inde, mayunitsi apita, koma ndi ochepa poyerekeza ndi kuchapa kawiri zovala zimene zatuluka zikununkha. Amene amachapa ndi madzi a pachitsime kapena pa mjigo okhala ndi mchere wa laimu ayenera kusamala kwambiri, poti laimuyo amauma pa chitsulo chotenthetsera madzi ndi m'makoma a mgolo, n'kupanga malo okhakhala amene zoterera zimagwirapo bwino. Kadilowa ka sopo kamazuka konse mukadina kabatani kamene kali pakati pake. Katsukeni ndi mswachi wakale, kenako muwalitse tochi ya foni m'bowo limene kachokamo, muyang'ane kudenga kwake kumene madzi amatulukira. Ambiri amadzidzimuka ndi kuda kwake.

Pansi pa makina, chakutsogolo, pali kachitseko kakang'ono kamene anthu ena amatha zaka asanakatsegule. Kuseri kwake kuli sefa ya pampu. Zimitsani makina pakhoma, yalani thawulo lakale, ikani mbale yosaya, ndipo ngati pali kapaipi kakang'ono kokani, muchotse kachivindikiro kake kuti madzi atuluke kaye. Mukapanda kutero, pozungulitsa sefa madzi onunkha amasefukira pansi ponse. Mu sefamo mumatuluka mabatani, mapini a m'mutu, ndodo za machesi ndi mpira wa tsitsi woterera. Miyezi iwiri kapena itatu iliyonse n'kokwanira.

Pa chuku chimene chamera kale pa labala, Jik wosungunula m'madzi amagwira ntchito: nyowetsani kansanza, kapanikizeni mumpindiro kwa theka la ola, pukutani, kenako makina azungulire opanda zovala. Valani magolovesi ndipo tsegulani zenera. Ambiri amalimbikitsa viniga, ndipo amathandizadi kusungunula laimu, koma kumuthira mlungu ndi mlungu kumatha kufooketsa labala. Chimene simuyenera kuchita ngakhale kamodzi ndi kusakaniza Jik ndi viniga, kapena kuthira chimodzi chinzake chisanatsukuluzike, chifukwa zikakumana zimatulutsa mpweya wa kolorini umene umawotcha maso ndi mapapo. Madontho akuda amene alowerera mkati mwa labala sachokanso ngakhale mukhule chotani. Tizilombo tingafe, koma banga limatsala, ndipo labala akayamba kung'ambika kapena kunyeka, mmisiri amatha kumusintha popanda kugula makina ena.

Pali fungo lina limene zonsezi sizingathetse. Ngati m'makina mukumveka fungo la mazira owola kapena la chimbudzi, makamaka nthawi imene makina sakugwira ntchito, yang'anani kumbuyo. Paipi yotulutsira madzi iyenera kukwera kaye m'mwamba isanatsikire mu paipi ya pakhoma, ndipo ya pakhomayo iyenera kukhala ndi kapindiro kosunga madzi kotchinga mpweya wa m'ngalande ya zonyansa. Pulambala wothamangira ntchito akaiwala kapindiroko, kapena akakankhira paipi ya makina mkati kwambiri, mpweya woipa ndi madzi akuda zimabwerera mumgolo. Pamenepo itanani pulambala akonze paipi, sopo musamuonongere pachabe.