IMPSO YOPATSIDWA ISUNGIDWA NDI MUDZI WONSE

Inu a ku Chirimba muudziwa bwino mseu wa ku Chileka. M'mamawa udzala ndi anthu a nchito za m'mafakitale ndi amai osenza malonda kunka ku msika. Koma mukayang'anitsitsa, tsiku lina mudzaona wina woyenda pang'onopang'ono, mapazi otupa, mbale wace atamgwira dzanja. Ameneyo sapita ku nchito ai. Alinkufuna minibasi yonka ku cipatala ca Gulupu, ndico Queen Elizabeth, kuti makina akamtsukire magazi, pakuti impso zace zinaleka kugwira nchito. Mwezi uno tifuna kukamba za odwala otere, za abale amene awapatsa impso, ndi za iwo amene awadwazika.

Munthu ali nazo impso ziwiri, kumsana, m'munsi mwa nthiti, iri yonse kukula kwace ngati nkhonya ya mwini wace. Usana ndi usiku zisefa magazi, kucotsa zoipa ndi madzi otsala, zimene zituruka monga mkodzo. Nthenda zimene ziononga impso kopambana ndizo shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Malungo akuru, kacirombo ka HIV, mankhwala opha ululu omwedwa kopitirira muyeso, ndi zitsamba zina zosadziwika mphamvu yace, nazonso zipweteka impso. Cakudza siciimba ng'oma: impso zikhoza kuonongeka zaka zambiri mwini wace osamva kanthu.

Impso zikaleka zonse ziwiri, cithandizo coyamba ndi makina a dayalisisi. Makina amenewa anafika ku cipatala cacikuru ca ku Lilongwe m'caka ca 1998, ndi ku Gulupu m'caka ca 2011. Wodwala agona pamenepo monga maora 4, kawiri kapena katatu pa sabata. Makinawo asunga moyo, koma saciritsa. Ndipo ali owerengeka, pamene owafuna ali ambiri.

Cithandizo caciwiri ndico kuika m'thupi mwa wodwala impso ya munthu wina. Pa 23 December 1954, mu mzinda wa Boston ku America, dotolo Joseph Murray anatenga impso ya Ronald Herrick naiika mwa Richard, mbale wace amene anabadwa naye mapasa. Richard, amene anali pafupi kufa, anakhala zaka 8 zina. Ndipo Ronald, ndi impso yace imodzi, anakhala zaka 56, namwalira m'caka ca 2010. Apa dziko linaona poyera kuti munthu wamoyo akhoza kupatsa impso imodzi ndi kukalamba bwino ndi inzace yotsalayo. Kuno kwathu ku Afrika, Christiaan Barnard anaika mtima wa munthu mwa munthu mnzace ku Cape Town m'caka ca 1967. Anansi athu a ku Tanzania anayamba kuika impso m'caka ca 2017, ndi a ku Zambia m'caka ca 2018. Amalawi amene analandira impso, ambiri anakailandira kunja, makamaka ku India, ena otumizidwa ndi Boma, ena ndi ndalama zimene cibale cinasonkha.

Tidziwa kuti ambiri a inu mucita mantha pakumva nkhani ya ziwalo za anthu, ndipo sitikutsutsani. Tinalira abale athu alubino amene anaphedwa ndi anthu aumbombo cifukwa ca mafupa ao. Tikumbukanso mphekesera ya anamapopa ya caka ca 2017, imene inaphetsa anthu osacimwa ku Mulanje ndi kuno ku Blantyre komwe. Komatu kuba ndi kupatsa sizifanana. Wakuba atenga mumdima, mwa ciwawa, kuti alemere. Wopatsa impso abvomera yekha masana, madotolo atamuyesa ndi kumfotokozera zonse, ndipo salandirapo mtengo. Papa Yohane Paulo II m'caka ca 2000 anaphunzitsa kuti kupatsa ciwalo mwaufulu kuti wina apulumuke ndi nchito ya cikondi, koma kucigulitsa ndi kucepsa ulemu wa munthu. Cifukwa cace, wina akadza kwa inu ndi mau akuti, gulitsani impso mumange nyumba, mkanizeni, ndipo mukauze apolisi. Momwemonso akuru a banja asakakamize mwana kapena mlongo wosauka kuti apereke impso pobwezera zabwino zimene wodwala anamcitira kale. Mphatso yokakamiza si mphatso.

Tsono tafika pa mtima wa nkhani yathu. Ndege ikatera ku Chileka, abale aimba nthungululu, nati, waciradi, zatha. Iai, abale, sizinathe, pamenepo mpoyambira. Thupi la munthu lizindikira kuti impso yatsopanoyo ndi mlendo, ndipo lifuna kuicotsa. Kuti lisatero, wolandira impso ayenera kumwa mankhwala tsiku ndi tsiku, pa ora lomwelo, masiku onse amene impsoyo iri m'thupi mwace. Akaleka masiku owerengeka okha, kaya cifukwa ca kusowa ndalama, kaya cifukwa wina wamuuza kuti wacira ndipo ataye mapiritsi, impso imene mbale wace anaibvutikira ikhoza kufa. Ikasungidwa bwino, impso ya wopatsa wamoyo kawirikawiri igwira nchito zaka 15 kapena 20.

Mankhwala omwewo acepetsanso mphamvu ya thupi yolimbana ndi matenda. Cimfine cimene mnzace acira naco m'masiku atatu cikhoza kumgoneka m'cipatala. Ife amene tinaona kolera wa zaka za 2022 ndi 2023, ndi madzi oipa amene namondwe Freddy anasiya m'makwalala a Blantyre m'mwezi wa March 2023, tidziwa kuti ukhondo wa nyumba imodzi sukwanira ngati anansi ataya zonyansa pafupi ndi mpopi. Mwa ici tinena kuti impso ipatsidwa ndi munthu mmodzi, koma isungidwa ndi mudzi wonse.

Nanga ife a m'miphakati tingacitenji? Nazi zinthu zisanu zimene sizifuna maphunziro akuru.

Coyamba, sonkhani kangacepe mwezi ndi mwezi ka minibasi ndi ka mankhwala, ndipo msungicuma alembe m'buku poyera. Kucokera ku Chirimba kufika ku Gulupu ndi kubwerera si ndalama zambiri kwa woyenda kamodzi, koma kwa woyenda sabata ndi sabata zitha mbuzi ndi wailesi zomwe.

Caciwiri, pokazonda wolandira impso, sambani m'manja. Muli ndi cifuwa kapena kutsegula m'mimba, tumizani moni wanu ndi mnzanu, inu mukhale.

Cacitatu, musamtengere mankhwala a zitsamba kapena mapiritsi a pa msika, cinkana mufuna zabwino. Mtengereni makala ophitsira madzi akumwa, sopo, ndi ndiwo zophika bwino zosacuruka mcere.

Cacinai, kumbukirani wopatsa. Nthungululu zikatha, ambiri amuiwala. Iye ali ndi bala lace, ndipo masabata monga 6 sayenera kunyamula katundu wolemera. Ngati adya za thukuta la tsiku lomwelo, ana ace adzagona ndi njala mukapanda kumthandiza. Pambuyo pace ayenera kuyezetsa magazi ndi mkodzo caka ndi caka.

Cacisanu, pumulitsani wodwazika. Kawirikawiri ndi mai, mlongo kapena mwana wamkazi amene anasiya geni yace kapena sukulu, nagona pansi m'cipatala usiku wambiri. Anthu onse afunsa kuti, odwala agona bwanji? Koma ndani afunsa iye? Amai a mphakati agawane masiku, wina kucapa, wina kutunga madzi, wina kuperekeza wodwala, kuti mnzao apeze tsiku limodzi la kupuma ndi kupita ku Misa.

Potsiriza tinena ndi inu amene muli bwino lero. Kuyezetsa kuthamanga kwa magazi ndi shuga pa cipatala caching'ono ca pafupi ndi kwanu sikutenga nthawi yaikuru, ndipo nthenda zimenezi zikapezeka msanga, impso zipulumuka. Musadikire mapazi atupe. Tsiku lokumbukira impso pa dziko lonse likhala Lacinai laciwiri la mwezi wa March. Likafika, atate ndi amai apite limodzi kukayezetsa.

Ndipo madzulo, pakupemphera ndi ana anu, chulani magulu atatu awa: odikira impso, amene anapatsa impso, ndi owadwazika. Mukatha kupemphera, funsanani kuti mawa adzapita ndani kukawatungira madzi.