Tsiku limene nyemba sizinagulidwe

Achemwali anga amagulitsa mtedza ndi nyemba, ndiye ndinawalembera kapulogalamu ka pakompyuta kowerengera malonda a tsiku. Ndinakalemba mu Haskell, chilankhulo cha makompyuta chomwe chinatuluka mu 1990, ndipo dzina lake n'la katswiri wa masamu, Haskell Curry. Kankayenda bwinobwino mpaka tsiku lina la mvimbi, pomwe sanagulitse nyemba ndi kapu imodzi yomwe.

Mu Haskell ntchito yambiri imachitikira pa mindandanda. Pali chida chosefera chotchedwa filter, chomwe ndinachiuza kuti pa malonda onse chizipatula a nyemba okha. Tsikulo chinabweza mndandanda wopanda kanthu, umene amaulemba chonchi: []. Sichinalakwe, poti nyemba sizinagulidwedi.

Chida chowonkhetsera, sum, chitalandira mndandandawo chinayankha 0. Chimene chimadabwitsa ambiri ndi chinzake chochulukitsira, product, chomwe chimayankha 1. Chifukwa chake n'choti kuchulukitsa kumayambira pa 1, nambala imene siisintha inzake. Kukanayambira pa 0, yankho lililonse likanatuluka 0. Nanga mutafunsa chida cha all ngati ogula nyemba onse analipira? Chimavomera. Poyamba ndinkaona ngati bodza, koma taganizani: wangongoleyo ali kuti?

Vuto linabwera pa maximum, chimene chimatchula malonda aakulu kuposa onse. Pamene palibe kanthu, chachikulu n'chiti? Chidachi chilibe yankho, choncho kapulogalamu konse kanangoima, achemwali ali tcheru kudikira kuti atseke buku. Nacho head, chotenga chinthu choyamba pamndandanda, chimachita chimodzimodzi. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa chilankhulo chomwechi chili ndi njira yabwino. Chida cha find chikapeza zomwe mukufuna chimazipereka zitakutidwa m'mawu akuti Just, chikapanda kupeza chimati Nothing, ndipo simungafike pa zam'katizo musanaganizire mbali ziwiri zonsezi. Okonza GHC, pulogalamu yomasulira Haskell yomwe inayambira ku Glasgow, analiona vutoli: kuyambira pa GHC 9.8 ya mu 2023, wogwiritsa ntchito head amachenjezedwa.

Usiku womwewo ndinakonza kuti kapulogalamu kaziyamba kaona ngati mndandanda uli ndi kanthu kasanaitane maximum. Tsopano ukakhala wopanda kanthu kamalemba kuti "Lero nyemba sizinagulidwe," n'kupitiriza kuwerengera mtedza.