Chipwirikiti cha ku Mozambique m'maso mwa munthu wa ku Minga

Pa 15 Januwale 2025, Daniel Chapo analumbira kukhala pulezidenti wachisanu wa Mozambique. Mwambowo unachitikira mumzinda wa Maputo misewu itatsekedwa ndi apolisi, masitolo ambiri osatsegula, anthu ena akuchita zionetsero cha poteropo. Kuno ku Minga, m'boma la Petauke ku Zambia, tinangomvera pa wailesi ndi kuonera pa foni. Maputo ndi kutali kuposa Lusaka kangapo, koma dziko lenilenilo tili nalo pakhomo: maboma a Petauke ndi Nyimba amachita malire ndi chigawo cha Tete, ndipo tsidya linalo kuli azibale, akuchikazi ndi akuchimuna. Pa nkhani za ndale zawo ndife alendo. Nanga mlendo woyandikana chonchi amaona chiyani, ndipo n'chiyani chimamuphonya?

Chinautsa mkangano n'chiyani?

Chisankho chinachitika pa 9 Okutobala 2024. Chapo anaimira Frelimo, chipani chimene chalamula dzikolo kuyambira pamene linalandira ufulu pa 25 Juni 1975. Wopikisana naye wamkulu anali Venâncio Mondlane, yemwe anali atangotuluka m'chipani chotsutsa cha Renamo ndipo ankathandizidwa ndi chipani chaching'ono cha Podemos.

Zotsatira zisanalengezedwe, a Mondlane ananena kuti malinga ndi mapepala amene anthu awo anatolera m'malo oponyera voti, wopambana anali iwo. Pa 19 Okutobala, loya wawo Elvino Dias ndi mkulu wina wa Podemos, Paulo Guambe, anawomberedwa ali m'galimoto mu Maputo, onse n'kumwalira. Apa mpamene mitima inawira. Pa 24 Okutobala bungwe loyendetsa chisankho linalengeza kuti Chapo wapeza mavoti pafupifupi 71 pa 100 alionse, Mondlane 20. Oyang'anira chisankho ochokera ku European Union ananena kuti m'malo ena ziwerengero zinasinthidwa popanda chifukwa chomveka, ndipo maepiskopi a Katolika a m'dzikolo anadzudzula chinyengo poyera.

Pa 23 Disembala, khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linatsitsa mavoti a Chapo kufika pa 65, n'kukweza a Mondlane kufika pa 24, koma wopambana anakhala yemweyo. Ambiri anafunsa kuti ngati mavoti angasinthe chonchi ali m'manja mwa akuluakulu, chiwerengero chenicheni ndi chiti?

Chipwirikiticho chinkaoneka bwanji?

A Mondlane anathawira kunja kwa dziko n'kumalankhula ndi anthu pa Facebook. Akatchula tsiku, misika inkatsekedwa, mabasi osayenda. Usiku mabanja ankaima m'mawindo ndi m'makonde n'kumaomba mapoto ndi zivundikiro mpaka dera lonse kumveka phokoso lokhalokha. Masana achinyamata ankatseka misewu ndi matayala oyaka. Apolisi ankayankha ndi utsi wokhetsa misozi, ndiponso ndi zipolopolo zenizeni.

Sabata ya Khirisimasi ndiyo inaipitsitsa. Masitolo anathyoledwa, maofesi ena a Frelimo ndi a apolisi anatenthedwa, ndipo pa 25 Disembala akaidi oposa 1,500 anathawa m'ndende yaikulu ya ku Maputo. Bungwe la Plataforma Decide, limene linkalemba maliro tsiku ndi tsiku, linawerenga anthu oposa 300 omwalira pofika nthawi yolumbira.

Bwanji bata silinabwere atalumbira?

Munthu woonera patali amaganiza kuti mtsogoleri akagwira Baibulo n'kulandira mbendera, nkhani yatha. Sizinatero. A Mondlane anabwerera kwawo pa 9 Januwale, ndipo ali pa bwalo la ndege anagwira Baibulo n'kudzilumbiritsa okha kuti ndi pulezidenti wosankhidwa ndi anthu. Patangopita masiku 6 a Chapo analumbira, ndiye kuti dziko linali ndi wina wokhala pampando ndi wina womveredwa m'misewu. Atsogoleri a mayiko amene anafika pa mwambowo anali ochepa kwambiri. Odziwika anali Cyril Ramaphosa wa ku South Africa ndi Umaro Sissoco Embaló wa ku Guinea-Bissau.

Pa 5 Malichi 2025 a Chapo anasainirana pangano la zokambirana ndi zipani zina popanda a Mondlane, ndipo tsiku lomwelo apolisi anawombera gulu limene linkaperekeza a Mondlane mu Maputo, anthu n'kuvulala. Zinthu zinayamba kuzizira pa 23 Malichi, pamene awiriwo anakumana maso ndi maso n'kugwirizana kuti ziwawa zithe. Mu Ogasiti chaka chomwecho boma linavomereza chipani chatsopano cha a Mondlane, Anamola. Chimene mwambo wolumbira unalephera m'miyezi iwiri, kukhala pansi kunachiyamba usiku umodzi.

Zinafika bwanji kuno?

Zinafika kudzera mu waya wa magetsi. Chaka cha 2024 chinali cha chilala, moti pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Madzi ku Kariba anachepa kwambiri, ndipo Zesco inkagula magetsi ena ku Mozambique. Kumayambiriro kwa Disembala ochita zionetsero anaimitsa malo opangira magetsi ku Ressano Garcia, magetsi obwera ku Zambia n'kuchepa. Mwini chigayo pa Minga kapena wowotcherera zitsulo pa msika wa Nyimba sanafunikire kudziwa dzina la Elvino Dias kuti nkhaniyi imukhudze. Anangoona kuti magetsi amene ankabwera pakati pausiku tsopano sakubwera n'komwe, matumba a chimanga ali mbwee pakhonde, eni ake atakhala pansi kudikira.

Zinafikanso kudzera mumsewu. Mafuta a galimoto, feteleza ndi katundu wina wa Zambia amatsikira pa doko la Beira, kudutsa ku Tete, n'kulowa pa chipata cha Chanida, pa msewu wopita ku Katete. Msewu ukatsekedwa pakati, mathiraki amaima, madalaivala n'kumagona m'magalimoto kuopa kutenthedwa. Anzathu a ku Malawi, amene anali kale pa mizere ya mafuta, anamva kuwawa kwambiri, ndipo kumapeto kwa Disembala anthu pafupifupi 13,000 ochokera ku Mozambique anathawira m'boma la Nsanje.

Chifukwa chiyani achikulire anada nkhawa kwambiri?

Aliyense wa ku Petauke amene wapitirira zaka 50 amakumbukira zina. Pulezidenti Samora Machel wa Mozambique anamwalira pa ngozi ya ndege ku Mbuzini pa 19 Okutobala 1986 akuchokera ku msonkhano ku Mbala kuno ku Zambia, ndipo Joaquim Chissano analowa m'malo nkhondo ya Frelimo ndi Renamo ili pakati. M'zaka zotsatira asilikali a Renamo ankadumpha malire n'kuukira midzi ya Chigawo cha Kum'mawa, kupha anthu, kutenga ng'ombe ndi katundu. Mabanja a m'malire ankagona kuthengo.

Mu 1987 kunatsegulidwa malo osungirako othawa nkhondo ku Ukwimi, kumpoto kwa Petauke, ndipo kunakhala anthu oposa 20,000. Analima, ana awo analowa sukulu, ena anakwatirana ndi Ansenga. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ambiri anabwerera kwawo cha m'ma 1994. Choncho gogo akamva kuti ku Mozambique kwavutanso, funso lake loyamba silikhala loti wapambana ndani. Amafunsa kuti, “Kodi ayambanso kubwera?”

Zimene mlendo amaphonya

Apa mpamene maso a mlendo amanama. Za 2024 sizinali nkhondo ya Frelimo ndi Renamo yobwereranso. Renamo yeniyeniyo inagwa pa chisankhochi: m'nyumba ya malamulo ya mipando 250, Frelimo inatenga 171, Podemos 43, Renamo 28 ndipo MDM 8. Amene anadzaza misewu sanali asilikali a m'tchire. Anali ogulitsa malonda, oyendetsa njinga zamoto, ophunzira ndi omaliza sukulu osowa ntchito, ambiri obadwa nkhondo itatha kale. Nkhani ya amene anamasula dziko kwa Apwitikizi amaimva ngati mbiri ya m'kalasi. Nawonso a Chapo anabadwa mu 1977, ndipo ndi pulezidenti woyamba kubadwa ufulu utabwera.

Mlendo amaphonyanso kuti mkwiyo unayamba kale. Mu 2016 zinaululika kuti boma linabisa ngongole za madola pafupifupi 2 biliyoni, ndalama ya dzikolo n'kugwa mphamvu, zinthu n'kukwera mtengo. Yemwe anali nduna ya zachuma, Manuel Chang, anapezeka wolakwa pa mlanduwu ku New York mu Ogasiti 2024, kutatsala miyezi iwiri kuti anthu avote. Ku Cabo Delgado kuli gasi, ku Moatize kuli malasha, ku Cahora Bassa kuli magetsi ogulitsa kunja, koma midzi yambiri ya m'chigawo cha Tete imagona mumdima. Mu 2023 a Mondlane anaimira umeya wa Maputo, ndipo kumenekonso zotsatira zinautsa mkangano. Wongoonera kanema wa masekondi makumi atatu pa WhatsApp amaona tayala likuyaka, zaka khumi za madandaulo osaziona.

China n'chakuti kanema sanena tsiku kapena malo. Wina akakutumizira chithunzi cha sitolo yoyaka n'kunena kuti ndi ku Tete dzulo, mwina ndi ku Matola mwezi watha. Mphekesera zotere zimachititsa munthu kugulitsa mbuzi motchipa kapena kuletsa mwana ulendo popanda chifukwa.

Zimene mlendo amaona bwino

Akulu amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Kalumo kathu ndi kakuti taonapo boma likusintha mwa voti katatu. Mu Okutobala 1991 Kenneth Kaunda anagonja kwa Frederick Chiluba atalamula zaka 27, n'kuchoka. Mu Seputembala 2011 Rupiah Banda, mwana wa Kum'mawa kuno amene chigawo chino chinamuvotera kwambiri, anavomera kuti Michael Sata wamuposa. Anapukuta misozi pamaso pa atolankhani, tsiku lomwelo Sata n'kulumbira. Mu Ogasiti 2021 Edgar Lungu anasiyira mpando Hichilema atasiyidwa ndi mavoti pafupifupi 1 miliyoni. Ku Malawi, pambuyo pa zionetsero za miyezi yambiri, khoti linafafaniza chisankho cha 2019 pa 3 Febuluwale 2020, chisankho china n'kuchitika pa 23 Juni.

Munthu woleredwa m'zoterezi amaona msanga chimene chinasowa ku Mozambique. Kumeneko chipani cholamula sichinagonjepo pa chisankho cha pulezidenti kuyambira pamene zisankho za zipani zambiri zinayamba mu 1994. Wogonja amavomera ngati akukhulupirira zinthu ziwiri: kuti mavoti anawerengedwa moona, ndi kuti mawa nayenso angapambane. Zonse ziwiri zikasowa, otsatira ake amapita kumsewu.

Chikhulupiriro chimenechi chimamangidwa pa malo oponyera voti. Voti ikatsekedwa, bokosi limatsegulidwa oimira zipani akuona, pepala lililonse limakwezedwa m'mwamba, chiwerengero chimalembedwa pa fomu, onse amasaina, aliyense n'kutenga yake, ina n'kumatidwa pakhomo. Ngati nambala yomatidwa pa chitseko cha sukulu ya pulayimale ikufanana ndi yolengezedwa ku likulu, wabodza amasowa pogwira. Mkangano wonse wa ku Mozambique unagona pa mapepala amenewa.

Koma tisadzitame

Nafenso tili ndi zipsera. Pa 28 Okutobala 1997 asilikali ena motsogozedwa ndi Captain Solo anayesa kulanda boma, ndipo pa Khirisimasi chaka chomwecho Kaunda anamangidwa. Mu 2016 dandaulo la chisankho la Hichilema linatayidwa chifukwa masiku 14 anatha mlandu usanamvedwe. Mu Epulo 2017 iye anamangidwa pa mlandu woukira boma chifukwa cha mkangano wa magalimoto pa msewu wa ku Mongu, n'kukhala m'ndende miyezi inayi. Makada a zipani olanda misika ndi masiteshoni a basi tinawaona ndi maso athu. Achinyamata osowa ntchito amene ali pa Minga, pa Petauke ndi pa Nyimba sasiyana ndi a ku Maputo, ndipo foni ali nazo zomwezo.

Tichitepo chiyani?

Ndale za ku Mozambique adzakonza ndi eni ake. Gawo lathu ndi laling'ono koma ndi looneka. Wachibale wa ku Tete akafika pakhomo atathawa, tim'landire monga makolo athu analandirira a ku Ukwimi, ndipo timudziwitse kwa amfumu ndi kwa a boma kuti athandizidwe mwa lamulo. Uthenga wa pa foni tisautumize kwa ena tisanaumve pa wailesi yodalirika kapena kwa munthu amene ali komweko. Chaka chilichonse mu Ogasiti Achewa a mayiko atatu amakumana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba. Kumeneko ndi kumaliro ndi kumsika, tiziyamba tafunsa anzathu a tsidya lino ndi tsidya ilo tisanawauze chimene chikuwavuta.

Ndipo chisankho chathu chikafika, chimene lamulo limati chizichitika Lachinayi lachiwiri la Ogasiti zaka zisanu zilizonse, musangoponya voti n'kubwerera kumunda. Pitani mukawerenge pepala lomatidwa pakhomo, mulembe manambalawo, mudzawayerekeze ndi amene adzalengezedwe.