Tayala likaphwa panjira, msika sudikira

Nandolo akayamba kuuma m'minda ya m'munsi mwa phiri la Michesi m'boma la Phalombe, njinga zakapalasa zimachuluka mumsewu. Ndi nyengo imene ena amagula njinga yawo yoyamba ndi ndalama za zokolola, kuti azipita okha ndi katundu ku Migowi, ku Chiringa kapena paboma, mwinanso ayambe kabaza. Pogula amawerengera mtengo wa njinga basi. Za chubu ndi tayala amadzazikumbukira atatsika kale, akukankha njinga yolemera pakati pa njira dzuwa likuswa mtengo.

Kwa wamalonda, tayala lakuphwa limadya zambiri kuposa ndalama yomatitsira. Wonyamula tomato kapena nsomba zaziwisi za ku Chilwa akataya maola awiri panjira amapeza ogula ambiri atabalalika, ndipo amagulitsa pamtengo wongoti katundu asabwerere kunyumba. Wakabaza naye, kasitomala amangotsika n'kukwera ya mnzake. Zipangizo za njinga nazo zimachokera kunja, ndiye kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, chubu chinasiya kukhala chinthu chongotaya chikabooka kamodzi.

Wanjinga watsopano tayala likaphwa amathamangira kunamizira minga. Minga ilipodi, ya mthethe m'tinjira ta kumunda, nsonga za khonje m'malire, kuphatikizapo ziputu za nandolo wodulidwa zomwe zimasongoka ngati mkondo. Koma kwa munthu wonyamula katundu, mdani wamkulu ndi tayala losakhuta mpweya. Thumba limodzi ndi makilogalamu 50, wopalasa mwina 60 kapena 70, ndipo gawo lalikulu la kulemera konseku limatsikira patayala lam'mbuyo. Tayalalo likakhala lofewa n'kugunda mwala kapena m'mphepete mwa phula, limaphwatalala mpaka limu kukhudza pansi, ndipo chubu chimapanidwa pakati pa chitsulo ndi mwala n'kubooka popanda munga uliwonse.

Miyala yotere ku Michesi sisowa. Madzi amene anatsika m'phirili mu March 1991, omwe akuluakulu amawakumbukirabe kuti Napolo, komanso a namondwe wa Freddy mu March 2023, anakokolola miyala ndi kukumba zigwembe m'njira zambiri za m'dera lino. Msewu wa phula wochokera ku Zomba kudzera ku Jali mpaka ku Chitakale ndi wosalala, koma katundu sayambira paphula. Amayambira kumunda ndi kumudzi, ndipo pamene njira yafumbi ikukwera kulowa mumsewu waukulu m'pamene machubu ambiri amathera, makamaka wopalasa akalowa ndi liwiro atakhala phee pachishalo.

Mankhwala ake ndi pampu, ndipo igulidwe tsiku lomwelo logula njinga. Chubu ngakhale chili chatsopano chimataya mpweya pang'onopang'ono chokha, choncho tayala lopopedwa Lolemba silingakhale chimodzimodzi Loweruka. Liyesedwe m'mawa uliwonse katundu asanamangidwe. Chala chachikulu chikalowa mosavuta, mpweya ndi wochepa. Kuyesa kwenikweni n'koti munthu akhale pachishalo katundu ali pakeliyala, mnzake ayang'ane tayala lam'mbuyo: likatuluka mimba m'mbali, lipopedwenso. M'mbali mwa tayala lililonse mumalembedwa malire a mpweya, ndipo amene ali ndi pampu ya geji asapyole nambalayo. Tayala lokalamba lopopedwa mopyola muyeso n'kusiyidwa padzuwa la mu October pamsika likhoza kuphulika njinga ili chiimire, chifukwa mpweya ukatentha umakankha kwambiri. Mthunzi wa mango ndi waulere.

Tayala likaphwa ndithu, choyamba kuyang'ana ndi valavu. Njinga zambiri zonyamulira katundu zili ndi valavu yomasula ndi zala, imene mkati mwake muli kamphira kakang'ono kovekedwa pakachitsulo. Kamphirako kamatha ndi kutentha, kenako mpweya umatulukira pomwepo chubu chili bwinobwino. Kudontheza malovu pakamwa pa valavu kumaulula zonse: akachita thovu, vuto ndi kamphira, kamene ndi kotchipa kuposa china chilichonse panjinga ndipo kamasinthidwa pamphindi imodzi. Ambiri ongoyamba kumene amasolola chubu chonse, kuchiviika m'madzi n'kusapeza bowo, pomwe akanangoyambira apa.

Ngati valavu ili bwino, chubu chituluke. Gudumu lam'mbuyo silifunika kumasula, makamaka panjinga za mabuleki a ndodo pomwe kubwezeretsa tcheni ndi mabuleki kumatenga nthawi. Njinga igonekedwe mbali ya tcheni ili pansi, mlomo umodzi wa tayala utulutsidwe mu limu, chubu chisololedwe pambali. Potulutsa tayala, sikuludilaiva ndi yoopsa chifukwa nsonga yake imaluma chubu n'kuwonjezera bowo lachiwiri. Zogwirira za masipuni awiri akale zimagwira ntchitoyi bwino koposa.

Chubucho chikapopedwa n'kuviikidwa m'beseni, bowo limaoneka ndi thovu. Panjira popanda madzi, kuchiyendetsa pafupi ndi mlomo kapena tsaya kumathandiza kumva kamphepo. Bowo likapezeka, asanafulumire kumata, wanjinga aliyang'ane bwino, pakuti malo ake ndi maonekedwe ake zimanena chimene chalibweretsa. Kabowo kamodzi kumsana kwa chubu, mbali yoyang'ana kumsewu, ndi ntchito ya munga, waya kapena galasi, ndipo kawirikawiri chinthucho chimakhala chikadali m'tayala. Chisakidwe poyendetsa kansalu mkati mwa tayala lonse, kansaluko kakakodwa ndiye kuti chapezeka. Amene amadumpha pamenepa amamata chubu, kupopa, n'kuphwanso asanafike pamjigo wotsatira.

Timabowo tiwiri toyandikana, tong'ambika motalika pang'ono ngati polumidwa ndi njoka, ndi chizindikiro cha kupanidwa kuja. Munga palibe, kusaka n'kutaya nthawi. Mpweya unali wochepa kapena katundu anachulukitsa. Bowo likakhala kumimba kwa chubu, mbali yogona pa limu, wolakwa ndi mutu wa sipoko. Mkati mwa limu mumayenera kukhala lamba wa mphira wophimba mitu ya masipoko onse, ndipo akaduka kapena kusuntha, chitsulo chimakhula chubu tsiku ndi tsiku. Lamba wotere amadulidwa kuchokera ku chubu chakale, ndipo sipoko yotulukira kwambiri imapalidwa ndi fayilo. Izi zimachitika kawirikawiri njinga ikangochoka kowongola gudumu. Kung'ambika patsinde pa valavu kumabwera chifukwa choyenda ndi tayala lofewa, lomwe limaseserekera pa limu n'kukoka chubu mpaka valavu kupendama. Pamenepo chigamba sichigwira, chubu chatha.

Kumata kwenikweni kumalephereka pa zinthu ziwiri, kupala ndi kudikira. Malo ozungulira bowo apalidwe ndi sandipepa mpaka kunyezimira kutha, ndipo malo opalidwawo akule kuposa chigamba. Solushoni apakidwe wochepa, wopyapyala, kenako asiyidwe aume mphindi ngati zisanu mpaka asiye kunyezimira. Apa m'pamene munthu wofulumirira msika amagonja, amaika chigamba solushoni ali wamadzi, ndipo chimamatuka tayala likangotentha. Chigamba chodula kuchubu chakale chimagwira bwino ndithu, bola chikhale chozungulira chopanda ngodya, chipalidwe ndi kupakidwa solushoni nachonso. Chikaikidwa chisindikizidwe mwamphamvu ndi chogwirira cha sipanala. Guluu wouma msanga uja womatira nsapato ndi mapulasitiki sayenera pano, chifukwa akauma amalimba ngati galasi pomwe chubu chimatanuka, ndiye amangosweka.

Pobwezera, chubu chipopedwe pang'ono kaye kuti chisapindike mkati, valavu iime chilili, ndipo mlomo wa tayala ubwezedwe ndi manja mpaka pomaliza. Asanapope kwambiri, wanjinga azungulire gudumu lonse akukankha tayala kuona ngati chubu sichinapanidwe pansi pa mlomo wake. Kuphulika kwa phokoso kumene kumamveka njinga ikangochoka kwa makaniko nthawi zambiri kumachokera apa.

Pali njira imene akabaza ndi onyamula makala amaidalira: kutenga tayala lakutha, kudula milomo yake ya waya, n'kulilowetsa mkati mwa tayala labwino kuti munga uzidutsa zikopa ziwiri usanafike pachubu. Imathandizadi pa minga. Kuipa kwake n'koti njinga imalemera kupalasa, ndipo m'mphepete modulidwamo mukakhala mokhakhala mumadya chubu chomwe mumati muteteze, choncho musalazidwe. Kwa woyenda paphula tsiku lonse phindu lake n'lochepa, koma kwa wolowa m'minda kukatenga nandolo ndi mpendadzuwa n'loonekeratu. Ponena za kupanidwa, tayala lachiwirili silipulumutsa munthu amene sapopa.

Pokagula tayala kapena chubu, manambala ndiwo ofunika kuposa dzina. Njinga zazikulu zakale zija, za mtundu wa Hero, Humber ndi Phoenix, zambiri zimavala 28 x 1 1/2, imene pamatayala ena imalembedwanso 40-635. Pali tayala lina lotchedwanso 28 koma nambala yake yachiwiri ndi 622, ndipo ili silingalowe pa limu ya 635 ngakhale atalikoka anthu atatu. Chimodzimodzi pa 26: tayala la 26 x 1.95 la njinga za magiya ndi la 559, pomwe 26 x 1 3/8 nthawi zambiri ndi la 590. Wogulitsa akangoti "ndi 26 yomweyo, bwana," wogula afunse nambala ya manambala atatuyo, kapena apite ndi tayala lakale m'manja. Valavu nayo ifanane ndi pampu ya kunyumba, chifukwa njinga zambiri zakaunjika zimabwera ndi valavu yonga ya galimoto yomwe pampu wamba siigwira.

Chubu chipopedwe pamaso pa wogulitsa ndalama isanaperekedwe, ndipo polumikizira valavu payang'anitsidwe. Tayala lipindidwe m'mbali ndi manja: likaonetsa timing'alu, lakhalitsa padzuwa pabenchi ndipo lakalamba lisanayende. Lopepuka kwambiri, lopyapyala m'mbali, ndi chikomekome cha mkuyu, mtengo wake umakoma pogula pokha. Kwa wonyamula matumba, kuonjezera ndalama patayala lam'mbuyo n'kwanzeru kuposa kugula magalasi ndi timaluwa ta pahandulo. Solushoni agulidwe kakang'ono, chifukwa akatsekulidwa amauma yekha m'chubu chake, ndipo wamkulu amatha kuuma asanafike theka.

Tayala lam'mbuyo limatha msanga kuposa lakutsogolo, ndipo ena likatha amangosinthanitsa, lakutha kupita kutsogolo. Imeneyi ndi njira yopulumutsira ndalama yoika khosi pachiswe. Tayala lam'mbuyo likaphulika njinga imangogwedezeka n'kuima, koma lakutsogolo likaphulika potsetsereka, monga potsika kuchokera ku Fort Lister pakati pa Michesi ndi phiri la Mulanje, handulo imapotoka ndipo munthu amagwa ndi katundu yense. Tayala loonetsa ulusi lichoke, likagwire ntchito yodulapo mphira kapena yolowetsa mkati mwa linzake.

Katundu nayenso ali ndi malire. Njinga ya Buffalo, imene inapangidwira misewu yovuta, keliyala yake inayesedwera makilogalamu 100, omwe ndi matumba awiri. Njinga wamba yokwezedwa matumba atatu ikhoza kufika ulendo umodzi kapena iwiri, koma masipoko amayamba kuduka, gudumu kupindika, ndipo machubu amatsatira. Pamalo a miyala ndi podutsa zigwembe, wopalasa adzuke pachishalo miyendo ilandire kugunda, kapena atsike akankhe mamita ochepawo.

Tayala likaphwa kutali ndi msika zida zili kunyumba, kulipalasa lili choncho kumadula chubu m'malo ambiri, kung'amba tayala m'mbali ndi kupinda limu, zomwe ndi zinthu zitatu zogula m'malo mwa chigamba chimodzi. Ngakhale kukankha njinga yolemera patayala lakuphwa kumaononga chimodzimodzi. Katundu atsitsidwe, asungitsidwe pakhomo lapafupi, njinga ipite yopanda kanthu kwa makaniko. Kathumba kokhala ndi pampu, solushoni, zigamba zodulidula kale, sandipepa, masipuni awiri ndi timphira ta valavu kamakwana bwinobwino pansi pa chishalo.